Kale Nyimbo Zinkagwirika ndi Manja

Kaseti inali chinthu chimene munthu wosaona ankachidziwa bwino kuposa ife openya. Ife tinkadalira zolembedwa pa kapepala kake, ndipo kapepalako kakamatuka, kapena inki ikafufutika ndi thukuta la m'manja, tinkangoika mu wailesi mongoyesa. Iye ankaitenga, kuipapasa pang'ono, n'kunena kuti iyi ndi ya kwaya, iyi ndi ya kalindula, iyi ndi ija mwana wa ku Kitwe analankhuliramo uthenga wa kumudzi. Ina inali yobenthuka pakona, ina yomata selotepi, ina yomangidwa ndi tizitsulo pamene inzake inali yongomatidwa. Ena ankaika dala zizindikiro zawo: kukanda ndi mpeni kamodzi, kawiri kapena katatu, kapena kumanga kaulusi pa kabokosi kake. M'midzi ya kwa Kalindawalo ndi kwa Nyamphande ku Petauke, ngakhalenso kwa Ndake ndi kwa Luembe ku Nyimba, munthu amene maso anafa ndi chikuku ali mwana, kapena amene ng'ala inamuphimba atakalamba, akakhala ndi wailesi ya kaseti ndi mabatire, nyimbo zake zinali zakezake. Sankadikira kuti wina amusankhire.

Lero kakhadi kochepa kuposa chikhadabo, kamene timati memori khadi, kamanyamula nyimbo zimene kale zikanadzaza makatoni. Nyimbo ya mphindi zinayi ya MP3 imadya malo pafupifupi 4 MB, choncho khadi la 8 GB limalandira nyimbo pafupifupi 2,000, pamene kaseti ya C90 inkadzaza ndi nyimbo 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Koma nyimbo zitachuluka chonchi, wosaona wa kumudzi wabwerera pa kupempha. Apemphe womuikira, apemphe womufufuzira, apemphenso womuuza kuti imene akuifuna ili pati. Makina a masiku ano ali nazo njira zomubwezera ufulu umene anali nawo pa kaseti. Pamene pakuwonongekera zinthu ndi pa kasamutsidwe ka nyimbozo kuchoka pa kompyuta kulowa m'foni.

Makaseti asanabwere, nyimbo kwa Ansenga inkasungidwa m'mutu ndi m'zala. Mu 1961 katswiri wofufuza za nyimbo, John Blacking, anayenda m'boma la Petauke akujambula ndi kulemba za kalimba, kachida ka mano achitsulo koimba ndi zala zazikulu, kamene mnyamata ankayenda nako panjira akudziimbira yekha. Chida chotere sichifuna maso. Ng'oma sifuna maso, ndipo nyimbo za pamtondo, za pamaliro ndi za kuchinamwali zinkaphunziridwa ndi khutu basi. Pa nkhani ya nyimbo wosaona sankatsalira. Kawirikawiri ndiye ankakumbutsa anzake ndime imene aiwala, popeza iye akamva kanthu ankakagwira zolimba. Ku tchalitchi nakonso zinali chimodzimodzi. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed Church anayamba kuphunzitsa osaona mu 1905, ntchito imene anaiyamba mayi Issie Hofmeyr ndipo anaipitiriza mayi Ella Botes. Apa ndi pamene maphunziro a osaona anayambira m'Zambia muno. Amene anadutsa kumeneko ankabwerera kwawo akuwerenga zilembo za braille ndi zala, ali ndi nyimbo za m'buku zambirimbiri pamtima, moti Lamulungu, openya akadali kufufuza nambala m'buku, iwo anali atayamba kale ndime yoyamba.

Kenako kunabwera wailesi. Mu 1949 kunatuluka kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, kuti anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaimba ndi kuulutsa mawu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nthano za Julius Chongo za Poceza M'madzulo zinkasonkhanitsa mudzi wonse pakhomo limodzi. Kwa ine, palibe makina ena amene anachitira osaona chilungamo ngati wailesi. Dzuwa likalowa, koloboyi ikuthima chifukwa palafini watha, onse okhala pamphasa ankalandira chinthu chimodzi, wina osaposa mnzake. Ndipo wailesiyo inkamvera dzanja. Panali kabatani kopotokola kokwezera mawu ndi kena kofufuzira siteshoni, ndipo agogo osaona ankadziwa kuti akapotokola pang'ono apeza Lusaka, akapitiriza amva Blantyre, osafunsa nambala kwa munthu. Pamakomo ambiri iwo ndiwo anali osunga wailesi, chifukwa ena akapita kumunda ankatsala nayo. Madzulo ndiwo ankafotokozera olima kuti feteleza wakwera mtengo, kapena kuti uthenga wa maliro a uje wamveka. Wailesi ya Supersonic yopangidwa ku Livingstone, mabatire a ku Mansa, pambuyo pake a Tiger Head, zonsezi ankazisamala okha, mpaka kuyanika mabatire padzuwa kuti akokeko tsiku lina.

Kaseti anaipanga a kampani ya Philips mu 1963, koma kuno inafala kwenikweni m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Inkabwera m'zikwama za anthu otsika basi pa Great East Road kuchokera ku Lusaka ndi ku migodi, ina n'kulowa kuchokera ku Malawi kudzera pa chipata cha Mwami. Pa makaseti amenewo panali mawu a amuna awiri amene wosaona aliyense ankawatenga ngati abale ake. Wina anali P.K. Chishala, katswiri wa kalindula, amene anasiya kuona ali mwana ndipo anaphunzira pa sukulu ya osaona ya Mambilima ku Luapula. Nyimbo yake ya Common Man inanena poyera za kuvutika kwa munthu wamba. Wina anali Allan Namoko wa ku Thyolo m'Malawi, woimba banjo ndi gulu lake la Chimvu Jazz Band, amene ife a kum'mawa tinkamumva popanda womasulira. Onse awiri anamwalira m'zaka za m'ma 1990. Mwana wosaona wa kwa Sandwe kapena kwa Nyalugwe akamva kuti amene akuvinitsa bwalo lonseyo ndi wosaona mnzake, ankadziwa kuti sanabadwire kungokhala pakhonde.

Ubwino wa wailesi ya kaseti unali woti chilichonse chinkamveka m'zala. Mabatani anali akuluakulu, oima pamzere, lililonse ndi malo ake osasintha. Ukadina loimbitsa linkalowa n'kukhala momwemo, ndipo tepi ikatha linkadumpha lokha kuti khwa! Pofuna kujambula nyimbo imene ikulira pa wailesi unkadina awiri pamodzi. Pofuna kuti mdzukulu asafufute kwaya yako, unkathyola timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pa kaseti, ndipo chala chinkakuuza pompo kuti iyi njotetezedwa. Nyimbo yachitatu ya mbali yachiwiri munthu ankaipeza mwa kuwerenga chamumtima tepi ikuthamanga, ndipo ankaimitsa pamalo pomwepo. Tepi ikakodwa m'makina ankaisolola pang'onopang'ono, kuiwongola ndi chala, n'kuikulunga ndi bolopeni ya Bic. Openya ambiri ntchito imeneyi ankaichita mwaphuma n'kudula tepiyo, choncho pamudzi pankadziwika kuti kaseti yokodwa uipititse kwa ndani.

Nthawi imeneyo inali ndi zowawa zake. Mabatire anali odula, ndipo akayamba kufooka mawu a woimba ankakoka ndi kulemera mpaka kuzimiririka. Kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa ndi fumbi la m'chilimwe zinkadya matepi. Munthu ankatha zaka ndi makaseti ochepa omwewo, ndipo ambiri analibe wailesi n'komwe, ankamvera kwa anansi. Koma zochepa zimene munthu anali nazo ankazilamulira yekha, ndipo zimenezi n'zimene ndimazilira.

Chimbale cha CD ndicho chinayamba kumulanda. Zimbale zonse zinali zofanana, zozungulira ndi zosalala, ndipo kuzigwiragwira kumene kunali kuwerenga kwa wosaona ndiko kunkaziwononga. Sizinakhalitse. Mafoni atafala, nyimbo zinasamukira m'makhadi ndi m'mafulashi, ndipo zinasiyiratu kukhala ndi thupi logwirika.

Pitani pa siteshoni ya mabasi ku Petauke Boma, kapena pa Nyimba pamene mabasi amaima kuti anthu agule nthochi. Mupeza timashopu ndi matebulo a anyamata okhala ndi laputopu kapena kompyuta yakale, sipika ikulira, akutchaja mafoni a anthu ndi kuwaikira nyimbo ndi mafilimu m'makhadi. Anyamata amenewa ndimawalemekeza. Ntchito anadzipezera okha, ndipo ndiwo alowa m'malo mwa wogulitsa makaseti uja. Koma luso lawo anaphunzirira pa makasitomala openya, ndipo kwa wopenya kuchuluka ndiwo ubwino: ayang'ana mndandanda, atsetsereza chala, apeza imene akufuna.

Amalume anga, amene ng'ala inawatseka maso atakula kale ndipo braille sanaiphunzire, anapita ndi mdzukulu pa tebulo lina lotere. Anapempha nyimbo za kwaya ndi za kalindula wakale. "Atate, ndakudzazirani khadi lonse, simudzazimaliza," anatero mnyamatayo, ndipo ankanena ndi mtima wabwino. Kunyumba, ataika khadilo mu kawailesi kawo kotchajira dzuwa, anapeza kuti kwaya imene anapempha ili penapake pakati pa nyimbo mazanamazana za achinyamata a ku Lusaka, za ku Congo ndi za ku Nigeria. Kawailesi kotere kalibe pofufuzira, kali ndi batani lopita kutsogolo ndi lobwerera m'mbuyo basi. Anadina mpaka chala kuwawa. "Adzukulu, nanga ija ndinapempha ili pati?" Panalibe wowayankha, chifukwa ngakhale mdzukuluyo sakanaipeza popanda kompyuta. Khadi lotere lili ngati thumba limene mwathiramo chimanga, nyemba ndi nshawa pamodzi: chakudya chilimo chambiri, koma kuti muphike muyambe mwasankha tsiku lonse.

Foni ya mabatani, ya itel kapena Nokia yakale ija, imachitirako chifundo. Pa batani la 5 pali kadontho kotukuka koikidwa dala kuti chala chidziwe pakati, ndipo kuchokera pamenepo mabatani ena onse amapezeka. Osaona ambiri aloweza njira yawo: dina apa kamodzi, tsika katatu, dina pakati, nyimbo yayamba. Aloweza ndi mndandanda womwe, kuti yachisanu ndi ya Namoko, yakhumi ndi ulaliki. Koma kuloweza konseko kumafa tsiku limene wachibale wofuna kuthandiza wawonjezera nyimbo zatsopano n'kusokoneza dongosolo lake.

Foni yagalasi itafika, ambiri tinaganiza kuti osaona atsekeredwa kunja mpaka kalekale, popeza ilibe batani, ilibe chotukuka, ndi galasi losalala lokhalokha. Koma mu 2009 kampani ya Apple inaika VoiceOver mu iPhone, ndipo chaka chomwecho Google inatulutsa TalkBack ya mafoni a Android. Kuno mafoni ambiri ndi a Android, a Tecno, itel ndi Samsung, choncho TalkBack ndiyo ikutikhudza. Imapezeka mu Settings, pa Accessibility. Ikayatsidwa, foni imanena chilichonse chimene chala chakhudza. Ukatsetsereza chala kumanja imakuuza chinthu chotsatira, ukagogoda kawiri imachitsegula, ukafuna kukweza kapena kutsitsa tsamba umagwiritsa zala ziwiri. Wachinyamata wosaona amene wazolowera zimenezi amayendetsa foni mwaliwiro loti wopenya sangatsatire. Vuto lilipo ndi lakuti mawu olankhulawo ndi a Chingerezi, ndipo mayina a Chinsenga ndi Chinyanja amawatchula mopotoka. Komabe khutu limazolowera, ndipo dzina lotchulidwa mopotoka limazindikirika ndithu.

Chimene khutu silingazolowere ndi fayilo yopanda dzina. TalkBack imawerenga zimene zalembedwa, siiwonjezera kanthu. Ngati nyimbo zalembedwa kuti Track 01, Track 02, imanena zomwezo. Ngati zinabwera pa WhatsApp, dzina lake limayamba ndi AUD, kenako chaka, mwezi ndi tsiku, kenako WA ndi manambala ena, ndipo foni imawerenga chingwe chonsecho nambala ndi nambala pa nyimbo iliyonse. Zina zotengedwa pa intaneti zimakhala ndi dzina la tsamba limene zinachokera m'malo mwa mutu wa nyimbo, moti nyimbo makumi asanu zimamveka dzina limodzi. Wopenya amatha kuzindikira ndi kachithunzi ka woimba. Wosaona amangomva manambala.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni iyenera kuchitikira pa kompyuta, chingwe chisanalumikizidwe n'komwe. Nyimbo zigawidwe m'mafoda ochepa a mayina aafupi: Kwaya, Kalindula, Malawi, Ulaliki, Zachikhalidwe. Pa Windows, foda yatsopano imapangidwa podina Ctrl, Shift ndi N pamodzi, ndipo dzina la fayilo limasinthidwa podina F2. Dzina liyambe ndi nambala ya manambala awiri, 01, 02, 03, kenako woimba ndi mutu wa nyimbo, kuti mndandanda usasokonezeke. Popeza mapulogalamu ambiri oimbira nyimbo m'foni amawerenga mutu wobisika m'kati mwa fayilo osati dzina la kunja, mutu umenewo ukonzedwenso: podina Alt ndi Enter pamatseguka Properties, ndipo pa Details ndi pamene pali Title. Zimatenga nthawi, inde, koma nyimbo 100 zokonzedwa chonchi zimathandiza wosaona kuposa 2,000 zongothira.

Kusamutsa kwenikweniko sikovuta, kungoti kuli ndi misampha iwiri. Woyamba ndi chingwe. Zingwe zina zotchipa za pamsika ndi zotchajira chabe, sizidutsa mafayilo, ndipo munthu amatha kuganiza kuti foni yafa pamene vuto ndi chingwe. Wachiwiri ndi wakuti foni ya Android ikalumikizidwa ku kompyuta imangoyamba kutchaja, osatsegula chitseko. Foniyo ikhale yosakiya, mwini wake atsetsereze zala ziwiri kuchokera pamwamba pa galasi kuti amve mauthenga, apeze wonena za USB, agogode kawiri, n'kusankha File transfer. Pamenepo kompyuta imaiona. Podina batani la Windows pamodzi ndi E pamatseguka File Explorer, pa This PC pamapezeka dzina la foniyo, ndipo m'kati mwake muli malo awiri, a foni yeniyeni ndi a khadi. Mafoda aja amakopedwa ndi Ctrl ndi C, n'kuikidwa ndi Ctrl ndi V mu foda ya Music. Palibe sitepe ngakhale imodzi apa imene imafuna mbewa ya kompyuta kapena maso. Amene ali ndi iPhone njira yake njosiyana, chifukwa ilibe polowetsa khadi ndipo nyimbo zimadutsa pa pulogalamu ya Apple, koma oterowo ndi ochepa kuno.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima ndikachiona. Mnyamata wa patebulo akalandira foni yolankhula, yosatseguka akagogoda kamodzi, amaganiza kuti yalowa vayirasi. Ena amazimitsa TalkBack kuti agwire ntchito msanga n'kuiwala kuiyatsanso, ndipo mwini foni amafika kunyumba ndi galasi losalankhula, sangaimbire munthu, sangadziwe nthawi. Ena amafika pofufuta foni yonse poganiza kuti akuikonza. Pa mafoni ambiri, zikakhala kuti zinakonzedwa kale, kudina mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu kumayatsa kapena kuzimitsa TalkBack, ndipo aliyense wogwira mafoni a anthu ayenera kudziwa zimenezi. Njira yabwino koposa ndi yakuti foni isachoke m'manja mwa mwini wake. Atulutse khadi lokha, mnyamatayo aliike mu khadi rida ya kompyuta yake, ntchito ithere pamenepo. Masiku ano m'foni muli ndalama za Airtel Money ndi MTN, muli mauthenga a banja. Munthu wosaona sangaone chimene wina akuchita ndi foni yake, ndipo si bwino kumuika pa mayeso otere chifukwa chongofuna nyimbo. Khadilonso likhale lenileni, chifukwa alipo abodza olembedwa kukula kumene alibe, amene amalandira nyimbo lero mawa n'kuzitaya.

Ndipo sikuti wosaona ayenera kudikira mnyamata wa patebulo nthawi zonse. Mu 2006 Michael Curran wa ku Australia, amene ndi wosaona, anayamba kulemba pulogalamu yotchedwa NVDA, ndipo mnzake James Teh, wosaonanso, anagwirizana naye. Imawerenga mokweza zonse za pa kompyuta ya Windows, ndi yaulere, ndipo imatha kuyenda pa fulashi, kutanthauza kuti munthu atha kuiika m'thumba n'kuigwiritsa ntchito pa kompyuta ya wina. JAWS imagwira ntchito yomweyo koma njogula, ndipo mtengo wake si wa munthu wa kumudzi. Ngakhale popanda zonsezi, Windows 10 ndi 11 zili ndi Narrator, imene imayaka podina Ctrl, batani la Windows ndi Enter. Pa kiyibodi, mabatani a F ndi J ali ndi tizizindikiro totukuka tosonyeza poika zala. Mphunzitsi kapena wophunzira wosaona amene waphunzira zimenezi amakonza mafoda ake yekha, amatchula nyimbo zake mayina amene akufuna, amalumikiza chingwe n'kusamutsa. Munthu ameneyu wabwezeredwa zimene agogo ake anali nazo pa kaseti, ndipo wapatsidwa zoposa pamenepo. Tsoka lake n'lakuti maphunziro otere ali kutali. Ku Lusaka kuli Zambia Library, Cultural and Skills Centre for the Visually Impaired, koma kuchokera ku Petauke ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limanena za ufulu wa anthu olumala wopeza uthenga ndi zipangizo zamakono, ndipo bungwe la ZAPD lilipo kuti liyang'anire zimenezi. Ndikanakonda kuona ufulu umenewo ukufika mpaka pa kompyuta ya sukulu ya sekondale ya ku Nyimba, kuti Loweruka osaona a m'midzi yozungulira aziphunzirapo.

Wina anganene kuti bwanji kuvutika ndi zingwe pamene nyimbo zili pa YouTube, kapena atha kutumizirana pa Bluetooth, SHAREit ndi Xender. Mabando a intaneti ndi ndalama, ndipo mukangopatuka pamsewu waukulu kulowera kuchigwa netiweki imayamba kusowa. Mapulogalamu otumizirana aja ali ndi zotsatsa malonda zongotulukira paliponse ndi mabatani ena opanda mayina, amene TalkBack imalephera kunena kuti ndi a chiyani. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo nthawi zina netiweki inkapita nawo. Chimene chinkalirabe m'nyumba zambiri ndi nyimbo zosungidwa pa khadi, m'kawailesi kotchajira dzuwa. Kuno nyimbo yodalirika ndi imene ili m'thumba mwako.

Zimene nthawi ino yabweretsa n'zazikulu, ndipo sindingazikane chifukwa cholakalaka zakale. Wosaona amene sanaphunzire braille lero amamvera Buku Lopatulika lonse likuwerengedwa, chaputala ndi chaputala, chinthu chimene pa makaseti chikanafuna katoni yathunthu. Kwaya ya mpingo wake imajambulidwa pa foni Lamulungu, madzulo ali nayo. Ng'oma za pa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo amatha kuzimveranso chaka chonse. Nyimbo za Chishala ndi Namoko, zimene matepi ake anatha kalekale, zinabweranso. Mwana wa ku Kitwe salankhuliranso m'kaseti n'kudikira wa pa basi, amangotumiza mawu pa WhatsApp. Wailesi nayo sinafe: Explorers ndi PASME ku Petauke, Valley FM ku Nyimba, Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata zimalankhula chinenero cha kwathu.

Koma pali zimene zatayika. Kale kaseti ikalira, khomo lonse linkamvera, ndipo wosunga wailesi anali pakati pa anthu. Lero aliyense ali ndi tomvetsera take m'makutu, ndipo agogo osaona amakhala okha ndi kawailesi kawo pamene adzukulu ali pomwepo, aliyense ndi foni yake. Kale nyimbo zochepa tinkazidziwa mawu onse, lero zambiri zimangodutsa. Ndiponso woimba amene nyimbo yake yakopedwa m'makhadi zikwizikwi salandirapo ngwee, nkhani imene bungwe loteteza ufulu wa oimba la ZAMCOPS lakhala likulimbana nayo. Oimba osaona alipobe m'misika ndi m'matchalitchi athu, ndipo mmodzi wa iwo akajambula nyimbo, tiyeni tigule kwa iye mwini.

Inu anyamata a pamatebulo a nyimbo ku Petauke, ku Minga, ku Nyimba ndi ku Kacholola, wosaona akabwera ndi khadi lake, mufunseni iyeyo chimene akufuna, osati amene wamuperekeza. Muikireni zimene wapempha zokha, m'mafoda, ndi mayina omveka, ndipo akabweranso muwonjezere zatsopano kumapeto, zakale musazisunthe. TalkBack musaizimitse. Asanachoke, mubwezereni foni kapena kawailesi kake m'manja, ndipo mudikire mpaka apeze yekha nyimbo imene anabwerera.